Kabokosi Kolamulira Mabuleki a ABS: Momwe Kamaletsera Gudumu Kumangika

Mawu Oyamba

Tsiku lina kumayambiriro kwa dzinja ndidali pa ulendo wochokera ku Dedza kupita ku Lilongwe, nditakwera galimoto ya mnzanga amene adali atangoigula kumene. Mvula idali itangokata, ndipo phula lidali kung'anima ndi madzi. Titayandikira sukulu ina ya pulaimale, mbuzi idatulukira pamsewu, kamnyamata kali pambuyo pake. Mnzangayo adaponda mabuleki ndi mphamvu yake yonse. Koma chopondera chidayamba kunjenjemera pansi pa phazi lake, ndipo kutsogolo kwa galimoto kudamveka phokoso longa la chitsulo chokukutika. Iye, poyesa kuti mabuleki athyoka, adachotsa phazi. Mwayi wathu udali wakuti kamnyamatako kadaima m'mphepete mwa msewu, pakuti galimoto idadutsa ndithu pamalo pamene mwanayo akadakhala.

Mabuleki aja sadathyoke ayi. Kunjenjemera ndi phokoso lija zidali chizindikiro chakuti chipangizo chotchedwa ABS chidayamba ntchito yake, ndipo chimene chidasowa ndi kudziwa kwa woyendetsa. Zilembo zitatuzi ndi chidule cha dzina la chipangizocho m'Chingerezi ndi m'Chijeremani momwe, ndipo tanthauzo lake ndi makonzedwe oletsa magudumu kumangika pamene mabuleki apondedwa. Magalimoto ambiri a m'misewu yathu, amene amabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito kumeneko, ali nacho chipangizochi. Inu amene muli kukonzekera uphunzitsi mudzaima pamaso pa ana owoloka misewu tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo adzakhala oyendetsa magalimoto ndi amakanika. N'koyenera tsono kuti mumvetse bwino kabokosi kamene kamalamulira chipangizochi: chimene kamadziwa, chimene kamachita, ndi chimene sikangathe kuchita.

Gudumu ndi Msewu

Tiyambe ndi chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Galimoto, ingaleme bwanji, imakhudza pansi pamalo anayi okha, ndipo malo alionse ndi aakulu pafupifupi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kunyamuka, kukhota ndi kuima, zonse zidalira kugwirana kwa tayala ndi msewu pamalo anayi amenewo. Kunena zoona, mabuleki saimitsa galimoto. Iwo amachedwetsa gudumu, ndipo msewu ndiwo umaimitsa galimoto pogwira tayala.

Aliyense amene adakokapo thumba la chimanga pasimenti adziwa kuti kuliyambitsa n'kovuta, koma likangoyamba kukhwekhwereka limapepuka. Chifukwa chake n'chakuti zinthu ziwiri zimagwirana molimba zisanayambe kutsetsereka, ndipo zikayamba kutsetsereka kugwiranako kumachepa. Gudumu limene lili kuzungulira bwino lifanana ndi phazi la munthu woyenda: gawo la tayala lokhudza pansi limaponda ndi kunyamuka, osakhula msewu. Koma mabuleki akaligwira mopitirira mphamvu imene msewu ungapirire, gudumu limaleka kuzungulira galimoto ikali kuyenda. Pamenepo timati gudumu lamangika, ndipo tayala lasanduka ngati thumba lija lokhwekhwereka.

Zoipa ziwiri zimatsatira. Choyamba, pa phula, makamaka lonyowa, galimoto imapita mtunda wautali isanaime. Chachiwiri, chimene chili choopsa koposa, woyendetsa amataya ulamuliro. Gudumu lozungulira lokha ndilo limatsata kumene laloza. Lomangika limangotsetsereka kumene galimoto idali kulowera kale. Magudumu akutsogolo akamangika, mungathe kupotoza chiwongolero monga mufunira, koma galimoto ipitabe molunjika. Akumbuyo akamangika, kumbuyo kwa galimoto kumazungulira ndi kufuna kutsogola. Anyamata amene amagwira buleki yakumbuyo ya njinga pamchenga mwadala adziwa bwino zimenezi.

Akatswiri amayeza kutsetsereka kwa gudumu poyerekeza liwiro lake ndi liwiro la galimoto. Tiyese kuti galimoto ili kuyenda mamita 20 pa sekondi imodzi, ndiwo makilomita 72 pa ola, koma gudumu lili kuzungulira monga la galimoto yoyenda mamita 16 okha pa sekondi. Kusiyana kwake ndi 4 mwa 20, ndiye kuti magawo 20 pa 100. Gudumu lozungulira momasuka lili pa 0, ndipo lomangika lili pa 100. Tayala limagwira msewu mwamphamvu koposa pamene kutsetsereka kwake kuli pakati pa magawo 10 ndi 30 pa 100, malinga ndi mtundu wa msewu ndi tayala. Taonani kuchepa kwa malo amenewo. Oyendetsa akale adali kuphunzitsidwa kuponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, pofuna kukhala m'malo ochepawo. Koma phazi la munthu ndi lochedwa, ndiponso chopondera ndi chimodzi pamene magudumu ndi anayi, lililonse pamalo akeake. Ntchito imeneyi ndiyo idapatsidwa kwa kabokosi.

Mabuleki Wamba

Tisanatsegule kabokosiko, tikumbukire njira imene mphamvu ya phazi imafikira ku gudumu. Woyendetsa akaponda, chopondera chimakankha pisitoni m'silinda yaikulu yodzaza ndi mafuta a mabuleki. Mafutawo, pokhala amadzimadzi, safinyika monga mpweya. Motero mphamvu yokankhayo imayenda m'mapaipi achitsulo kufikira ku gudumu lililonse. Lamulo limeneli adalifotokoza Blaise Pascal wa ku France, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1623 kufikira 1662. Ku gudumu mafuta amakankha mapisitoni ena, ndipo iwo amapanitsa zogwirira pa mbale yachitsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu, kapena m'kati mwa diramu. Mphamvu ya liwiro imasanduka kutentha, ndipo gudumu limachedwa.

Chipangizo cha ABS sichichotsa kanthu pa zimenezi. Chimangoikidwa pakati pa njira ya mafuta, monga mlonda wa pachipata, pakati pa silinda yaikulu ndi magudumu.

Ziwalo Zake

Mukatsegula boneti ya galimoto yaing'ono ya masiku ano, funani chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, chosaposa njerwa, chimene chalowedwa ndi timapaipi tachitsulo. Kawirikawiri timapaipito ndi 6: tiwiri tochokera ku silinda yaikulu, ndi tinayi topita ku magudumu. Mbali ina ya chitsulocho kuli mota yamagetsi yooneka ngati kachitini, ndipo mbali inzake kwamangidwa kabokosi kakuda kapulasitiki kokhala ndi mtolo wa mawaya. Kameneko ndiko kabokosi kolamulira, kamene amakanika amakatcha module kapena kompyuta ya ABS. M'magalimoto akale kadali kuikidwa patali, m'kati mwa galimoto, koma tsopano opanga amakamangira pa chitsulo chomwecho. M'kati mwa chitsulo muli mavalavu, pampu, ndi tizipinda tosungiramo mafuta kwa kanthawi.

Kabokosi kafanana ndi kapitao wokhala m'chipinda chopanda zenera, amene saona ntchito ndi maso ake, koma ali ndi amithenga anayi omubweretsera mawu kosalekeza. Amithengawo ndi masensa, imodzi pa gudumu lililonse. Sensa ya mtundu wakale ili ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala, ndipo imayang'anizana ndi mphete yachitsulo ya mano imene imazungulira pamodzi ndi gudumu. Dzino lililonse likadutsa, mphamvu ya maginito imasintha, ndipo m'waya mumabadwa kugunda kumodzi kwa magetsi. Michael Faraday wa ku England ndiye adatulukira mu 1831 kuti maginito osinthasintha amabala magetsi m'waya. Masensa a mtundu watsopano amalandira magetsi kuchokera ku kabokosi, ndipo amawerenga timaginito tambiri toikidwa m'mphete ya labala pa bering'i ya gudumu. Ena mwa iwo amagwira ntchito potsata chimene Edwin Hall wa ku America adapeza mu 1879. Ubwino wawo ndi wakuti amawerenga molondola ngakhale galimoto ili kuyenda pang'onopang'ono.

Tiwerenge pang'ono kuti tione kuchuluka kwa mawu amene kapitaoyu amalandira. Tiyese kuti tayala likazungulira kamodzi limapita mamita 2, ndipo mphete yake ili ndi mano 48. Pa liwiro la mamita 20 pa sekondi gudumu lizungulira ka 10, motero sensa itumiza kugunda 480 pa sekondi imodzi. Magudumu anayi pamodzi atumiza kugunda 1,920.

Momwe Kabokosi Kamaganizira

Kabokosi sikadziwa kuti kunja kuli mvula, matope kapena mbuzi. Kamadziwa manambala okha, ndipo kuchokera ku manambalawo kamawerengera zinthu zitatu. Choyamba ndi liwiro la gudumu lililonse, limene kamalipeza poyeza nthawi yapakati pa kugunda ndi kugunda kunzake. Chachiwiri ndi msanga umene liwirolo lili kutsikira. Chachitatu ndi liwiro la galimoto yeniyeniyo.

Chachitatuchi ndicho chovuta. Pamene magudumu onse anayi agwidwa ndi mabuleki, palibe limodzi lonena zoona zenizeni za liwiro la galimoto, pakuti onse ali kutsetsereka pang'ono. Tsono kabokosi kamachita kuyerekeza. Kamakhulupirira kwambiri gudumu limene lili kuzungulira msanga kuposa anzake, ndipo kamaonjezapo chinthu chimodzi chimene opanga adakaphunzitsa, ndicho chakuti galimoto ili ndi malire a msanga umene ingachedwere. Ngakhale pa phula labwino louma, galimoto wamba singataye liwiro loposa pafupifupi mamita 10 pa sekondi m'sekondi imodzi. Ndiye kuti galimoto yathu ya mamita 20 pa sekondi ifuna masekondi awiri kapena kuposapo kuti iime. Koma gudumu, pokhala lopepuka, lingathe kumangika m'kagawo kakang'ono ka sekondi.

Apa ndipo pagona nzeru yonse. Ngati kugunda kochokera ku gudumu lina kwayamba kugwa mwadzidzidzi kuchoka pa 480, kugwa kumene galimoto yolemera singathe kutsata, kabokosi kamazindikira kuti si galimoto imene yachedwa chotero, koma gudumulo lataya msewu ndipo latsala pang'ono kumangika. Sikadikira kuti limangike. Kamachitapo kanthu likali kuzungulira.

Masitepe Atatu

Gudumu lililonse lili ndi mavalavu awiri m'chitsulo chija, motero onse pamodzi ndi 8. Valavu yoyamba ndi yolowetsa mafuta ku gudumu, ndipo pamene palibe magetsi sipuling'i imaisunga yotseguka. Yachiwiri ndi yotulutsa mafuta, ndipo pamene palibe magetsi imakhala yotseka. Valavu iliyonse ili ndi koyilo ya waya. Kabokosi kakatumiza magetsi m'koyiloyo, imasanduka maginito ndi kukoka kachitsulo kamene kamatseka kapena kutsegula njira. Pa kuima kwa masiku onse kabokosi sikakhudza mavalavu, ndipo mafuta amangodutsa monga m'mabuleki wamba.

Gudumu likayamba kutaya msewu, sitepe yoyamba ndi kusunga. Kabokosi kamatseka valavu yolowetsa, kotero kuti ngakhale woyendetsa aponde chotani, mphamvu yofika ku gudumulo siwonjezekanso. Ngati gudumu lipitirira kuchedwa, sitepe yachiwiri ndi kutsitsa. Kabokosi kamatsegula valavu yotulutsa kwa kamphindi, mafuta pang'ono amathawira m'kachipinda kosungira, zogwirira zimalekerera, ndipo msewu umayambanso kuzungulitsa gudumu. Nthawi yomweyo kabokosi kamayatsa mota, ndipo pampu imatunga mafuta m'kachipindako ndi kuwabwezera ku mbali ya silinda yaikulu, kuti chopondera chisamire pansi. Kugunda kwa sensa kukachulukanso, sitepe yachitatu ndi kubwezera. Valavu yotulutsa imatseka, yolowetsa imatseguka pang'onopang'ono, ndipo mphamvu imakwera kufikira gudumu litayambanso kutaya msewu. Pamenepo zonse zimayambiranso.

Kuzungulira kumeneku kungathe kuchitika kufikira pafupifupi ka 15 pa sekondi imodzi, ndipo gudumu lililonse limasamalidwa palokha. Mafuta obwezedwa ndi pampu ndiwo amagunda pansi pa phazi la woyendetsa, ndipo mota ndi mavalavu ndizo zimachita phokoso limene lidaopsa mnzanga uja. Galimoto ikatsika kufika pa liwiro longa la munthu woyenda pansi, kabokosi kamaleka, ndipo mabuleki amamaliza okha.

Taganizirani galimoto imene yapatukira kumanzere popewa lole, magudumu akumanzere ali m'matope a m'mphepete ndipo akumanja ali pa phula. Mbali yakumanja ingathe kugwira kwambiri, yakumanzere pang'ono pokha. Ndipo mphamvu zosiyana chotero zingathe kupotoza galimoto. Chifukwa cha ichi kabokosi kamakweza mphamvu ya gudumu lakutsogolo la pa phula mosafulumira, kuti woyendetsa apeze nthawi yowongolera, ndipo m'magalimoto ambiri magudumu awiri akumbuyo amapatsidwa mphamvu yolingana ndi limene lagwira pang'ono. Kabokosi kamalolera kutaya mamita pang'ono kuti galimoto isazungulire.

Pali mfundo imodzi yofunika kuigwiritsa. Pa ntchito yake ya ABS, kabokosi kamachepetsa ndi kubwezera mphamvu imene phazi lapereka. Sikapanga mphamvu yakeyake. Woyendetsa akachotsa phazi, kabokosi kalibe chogwirira ntchito.

Kudziyesa ndi Kanyale Kachikasu

Chipangizo chimene chili ndi mphamvu yomasula mabuleki chiyenera kukhala chokhulupirika koposa, pakuti chitalakwa chingathe kusiya galimoto yopanda mabuleki. Opanga adaganizira zimenezi m'njira zitatu. Poyamba, m'kabokosi amaikamo tiziwalo towerengera tiwiri timene timayang'anirana, ndipo mayankho ake akasiyana kabokosi kamadziwa kuti pali cholakwika. Kachiwiri, kabokosi kamadziyesa nthawi iliyonse pamene kiyi yapotozedwa. Kanyale kachikasu kolembedwa ABS kamayaka kwa masekondi ochepa pamene mawaya, makoyilo ndi masensa ali kuyesedwa, ndipo zonse zikakhala bwino kamazima. Galimoto ikangonyamuka, mwina mudzamva kaphokoso kakafupi kutsogolo. Imeneyo ndi mota ili kuyesedwa. Kachitatu, vuto likapezeka kabokosi kamadzichotsa pa ntchito. Magetsi akachoka m'makoyilo, masipuling'i amabwezera valavu yolowetsa potseguka ndi yotulutsa potseka, ndipo galimoto imatsala ndi mabuleki wamba. Kanyale kamakhalabe koyaka, ndipo kabokosi kamasunga nambala ya vutolo, imene makanika amaiwerenga ndi makina olumikiza pa soketi ya mabowo 16 pansi pa dashibodi.

Kawirikawiri cholakwa sichikhala m'kabokosi, koma kwa amithenga ake. Waya wa sensa umaduka ndi miyala, matope ndi tizitsulo zimamatirira pa sensa, mphete ya mano imasweka, kapena bering'i yakutha imagwedeza gudumu. Batire yofooka, fyuzi yopsa, ndi matayala osiyana msinkhu nazonso zimasokoneza kawerengedwe. Nthawi zina kutentha ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri kumang'amba malumikizidwe a m'kati mwa kabokosi. Ndiponso mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo madziwo amadyetsa dzimbiri mavalavu. N'chifukwa chake opanga ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse. Munthu wanzeru amayamba wawerengetsa nambala ya vuto asanagule kabokosi katsopano, pakuti mtengo wake ndi waukulu.

Kanyale kofiira ka mabuleki kakayaka pamodzi ndi kachikasu, nkhani yakula. Mwina mafuta achepa, kapena ntchito ina ya kabokosi, yogawa mphamvu pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, yaima. Galimoto yotere siyenera kupitiriza ulendo isanaonedwe. Chenjeraninso ndi ogulitsa ena amene amachotsa kapena kuphimba kanyale kuti wogula asaone vuto. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanyale kabwino kamayaka kenaka n'kuzima. Kamene sikayaka konse n'kokayikitsa mofanana ndi kamene sikazima.

Kumene Zidachokera

Nzeru imeneyi idayambira ku ndege, pakuti woyendetsa ndege potera samva msanga kuti gudumu lamangika, ndipo tayala lokhwekhwereka pa liwiro lotero limaphulika. M'zaka za m'ma 1920 Gabriel Voisin wa ku France adayesa njira zochepetsera mphamvu ya mabuleki a ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Dunlop ku Britain idatulutsa chipangizo chotchedwa Maxaret, chopanda magetsi konse: kagudumu kolemera kadali kuzungulira pamodzi ndi gudumu la ndege, ndipo gudumulo likachedwa mwadzidzidzi kagudumuko kadali kupitirira ndi kutsegula valavu. Mu 1966 chipangizo chomwechi chidaikidwa pa galimoto ya Jensen FF. Mu 1971 kampani za Chrysler ndi Bendix ku America zidaika mabuleki olamulidwa ndi magetsi pa magudumu onse anayi a galimoto ya Imperial. Mu 1978 kampani za Bosch ndi Mercedes-Benz ku Germany zidatulutsa mtundu umene udafala pa dziko lonse, ndipo mu 1988 kampani ya BMW idauika pa njinga yamoto.

Mu 1995 Bosch ndi Mercedes-Benz adaonjezera kabokosi ntchito ina yaikulu, yogwira gudumu limodzi palokha pamene galimoto yayamba kuterereka pokhota, ngakhale woyendetsa asanaponde. Kuyambira 2004 opanga magalimoto a ku Ulaya adagwirizana kuika ABS pa magalimoto onse ang'onoang'ono atsopano ogulitsidwa kumeneko. Lero m'magalimoto ambiri kabokosi komweka ndiko kamauzanso mita ya liwiro ndi makompyuta ena a m'galimoto momwe magudumu ali kuzungulirira.

Malire Ake

Tisayese kuti kabokosi ndi mankhwala a ngozi. Iko sikawonjezera kugwirana kwa tayala ndi msewu. Kamangogwiritsa ntchito bwino kugwirana kumene kulipo. Tayala lakutha pa phula lonyowa lili ndi zochepa zopereka, ndipo kabokosi sikangathe kulibwezera mano ake. Pamsewu wa timiyala kapena wamchenga, monga ili misewu yambiri ya kumidzi kwathu, galimoto ya ABS ingathe kupita mtunda wotalikirapo isanaime, chifukwa gudumu lomangika limakumba ndi kuunjika dothi patsogolo pake, ndipo muluwo umathandiza kuimitsa. Chimene kabokosi kamasunga pamsewu wotere ndi mphamvu yowongolera. Lonjezo lake lenileni ndi lakuti chiwongolero chidzamverabe. Silonjeza kuti nthawi zonse mudzaima pafupi.

Ndiponso kabokosi sikafupikitsa nthawi imene munthu amatenga kuti aone ngozi ndi kusuntha phazi. Ngati nthawiyo ndi sekondi imodzi, galimoto ya makilomita 72 pa ola yapita kale mamita 20 mabuleki asanagwire. Pa phula labwino louma ifunanso mamita ena 20 kapena kuposapo, ndiye kuti mamita 40 onse pamodzi. Pa phula lonyowa mtunda wa mabulekiwo ungathe kuwirikiza kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi. Malamulo amenewa palibe kompyuta ingawasinthe.

Kwa woyendetsa galimoto ya ABS malangizo a pangozi ndi atatu: pondani mwamphamvu, musachotse phazi ngakhale chopondera chinjenjemere, ndipo wongolerani kumene kuli mpata. Kuponda ndi kusiya kuja, kumene kudali koyenera pa magalimoto akale, pano kumangosokoneza kabokosi.

M'kalasi

Zonsezi mungathe kuzionetsa popanda galimoto. Mangani njerwa ndi lamba wa chubu cha njinga, ndipo mwana aikoke pang'onopang'ono patebulo. Anzake adzaona kuti lamba amatamuka kwambiri njerwa isanasunthe, ndipo amabwerera pang'ono ikayamba kuyenda. Gadamitsani njinga, mumangire kachidutswa ka katoni kuti kazigunda masipoko, ndipo muzungulitse gudumu. Ana atatseka maso adzatha kunena ngati gudumu lili kufulumira kapena kuchedwa, pomva kugunda kokha, monga kabokosi kachitira. Tengani galimoto yamawaya imene ana amapanga okha, mumange magudumu ake akutsogolo kuti asazungulire, ndipo wina aikankhe pasimenti akuyesa kukhota. Adzaona kuti simumveranso bwino. A m'makalasi apamwamba apatseni masamu a mano 48 ndi a magawo pa 100 amene tawerenga pamwambapa.

Pomaliza tulukani nawo pabwalo la mpira, muyeze mamita 40 ndi chingwe, ndipo mwana mmodzi aime kuchiyambi ndi wina kumapeto. Muwauze kuti umenewo ndi mtunda umene galimoto yabwino, ya matayala abwino, pamsewu wouma, yoyendetsedwa ndi munthu watcheru, imafuna kuti iime pa makilomita 72 pa ola. Mwana amene wauyenda mtunda umenewo ndi mapazi ake sadzafulumira kuthamangira mbuzi pamsewu.

Mnzanga uja, titafika ku Lilongwe, adapita nayo galimoto kwa makanika kuti akonze mabuleki. Makanikayo sadapeze chokonza. Adangomutengera pamalo opanda anthu, namuuza kuti aponde mwamphamvu kangapo konse, kufikira phazi lake litazolowera kunjenjemera kuja.